Kusaka Maliro a Mayi Olive

Uthenga wa maliro unamupeza Scholastica ali pa sinki, akutsuka makapu a dzulo. Woimba foni anali Christine, mtsikana wa ku Chipata amene ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba.

"Asisi, agogo anu aja, Mayi Olive, anatisiya Lachiwiri. Ndangomva pano polowa shifti. Akuti maliro ndi lero, kwawo ku Dún Laoghaire."

"Lachiwiri? Ndiye mukundiuza lero Lachisanu?"

"Ndinali pa ofu, asisi. Nthawi akuti kaya leveni kaya thwelofu. Tchalitchi chake sakudziwa aliyense kuno. Mwana wawo anangoti ndi zapabanja."

Scholastica anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka chogwirira chinathyoka. Mayi Olive Wharton anawasamala zaka zitatu m'nyumba mwawo, sitiroko itawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu ambiri. Ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Chuma cha dziko la Ireland chitagwa, maola a anthu osamala okalamba m'makomo anadulidwa. Cuthbert, mwana yekhayo wa mayiwo, anadzawatenga Loweruka lina n'kukawasiya kunyumba ya okalamba, ndipo Scholastica anangolandira meseji ya ku ejensi imene inamulemba ntchitoyo, yoti Lolemba asabwerenso. Sanatsanzikane. Atayesa kukawazonda anamubweza pakhomo, ati mwana wawo analola achibale okha. Tsopano ankakolopa m'maofesi madzulo, koma chilonda cha mumtima chinali chisanapole.

Kwawo ku Mtakataka, munthu amene unamusambitsa ali moyo sangaikidwe iwe usanaone nkhope yake ndi kumuperekeza. Zimenezo sanafunse munthu. Anavala jekete, n'kumanga chitenje pamwamba pa thalauza, n'kuponya kolona m'thumba.

Mwamuna wake George anali mtulo, atachokera ku shifti ya usiku. Pa sofa panali Manfred, mng'ono wa George, mmisiri womanga nyumba amene ankakhala nawo ku Drumcondra chitsekereni ntchito za zomangamanga.

"Alamu, dzukani. Mundiperekeze kumaliro."

"Wamwalira ndani? Wa kwathu?"

"Mayi anga aja a ku Dún Laoghaire."

"Mzungu?" Manfred anakoka bulangete. "Alamu, azungu amaikana okha, mwakachetechete, ngati akubisa mbeu. Akakuthamangitsani."

"Akandithamangitse muli pompo. Tauniyo mumaidziwa, munamangako. Valani nsapato."

Sitima ya pamtunda inawatsitsa pafupi ndi doko. Mphepo ya m'nyanja inali kubaya ngati minga, ndipo zingwe za maboti zinkangolira ngwe ngwe pa milongoti. Scholastica anatsogola, kukwera mtunda kulunjika kunyumba ya malemu, pakuti maliro amayambira pakhomo.

Inali imodzi mwa nyumba zazitali zogundizana zimene anamanga Angelezi kalekale, za masitepe amwala ndi zitseko zamitundumitundu. Panalibe munthu. Makatani anali otseka, ndipo chikwangwani chotsatsa nyumbayo chinali chitapendekeka, chitamera ndere posowa wogula. Scholastica anagogoda ndithu, kenaka anasuzumira pa kabowo koponyera makalata. Munkanunkha chinyontho.

"Mumati mupeza chiyani, alamu?" anafunsa Manfred ali m'munsi mwa masitepe. "Moto panja, azibambo pa mabenchi, amayi a kwaya m'nyumba?"

Pakhomo loyandikana panatuluka mayi wachitsikana akukankha mwana m'kangolo. Scholastica anamufunsa m'Chingelezi ngati akudziwa kumene kukuchitikira mwambo wa maliro a Mayi Wharton.

"Amwalira? Pepani kwambiri. Ine ndinkayesa anamwalira chaka chatha." Anamwetulira mwachisoni, n'kukonza chipewa cha mwana wake, n'kumapita.

Scholastica anamuyang'ana mpaka anakhota. "Mwamva? Khoma limodzi! Kwathu mbuzi ikafa, mudzi wonse umadziwa yafa ndi chiyani. Kuno munthu wa zaka zonsezi wapita ngati utsi."

"Ndiye tibwerere?"

"Tiyeni kutchalitchi. Ansembe sangalephere kudziwa."

Anatsikira mumsewu waukulu wa masitolo. Ambiri anali otseka, mawindo atamatidwa mapepala, ena mutatsala zidole zovekera zovala zili mbulanda. Pakati pa tauni panali nsanja yakale yamwala, ndipo pambali pake tchalitchi cha Katolika chatsopano, chomangidwa pamene chakale chinapsa. Scholastica anaviika chala m'madzi odalitsidwa, n'kugwada bondo limodzi. Misa ya m'mawa inali itatha. Kutsogolo mayi wina wokalamba ankachotsa maluwa ofota.

"Lero kuno kulibe maliro, mwanawe," anatero mayiyo. "Wharton? Pa parishi ino dzinalo sindinalimvepo. Kayeseni tchalitchi chathu china, mukatsata nyanja chakum'mawa."

Ali panja, Scholastica anakumbukira kuti m'khonde la Mayi Olive munali chithunzi cha tchalitchi cha nsonga yaitali. Anakweza maso, ndipo pamwamba pa madenga anaona nsonga yoteroyo, chakufupi ndi doko.

"Ndi icho! Tiyambire kumeneko."

"Icho si tchalitchi, alamu."

"Nanga ndi chigayo? Simukuona nsonga?"

Manfred anangogwedeza mapewa n'kumutsata. Anadzera m'kanjira kopapatiza, n'kutulukira pa chinyumba chachikulu cha miyala yotuwa, chozunguliridwa ndi zitsulo zokwerapo amisiri. Chitseko chinali ndi unyolo. Chikwangwani chinkanena kuti poyamba chinali tchalitchi cha amalinyero, koma tsopano ndi mosungira zinthu zakale za panyanja, ndipo ndi motseka chifukwa akukonza.

"Ndinakuuzani," anatero Manfred. "Muli anangula ndi zidutswa za sitima. Mulungu anasamukamo kalekale." Anagwira chitsulo chimodzi n'kuchigwedeza monga wodziwa ntchito. "Koma mwala uwu anausema anthu odziwa. Akanandilemba ine pano, bwenzi..."

"Manfred, munthu akukaikidwa uko inu mukusisita miyala?"

Anabwerera kumsewu wa m'mphepete mwa nyanja. Anadutsa chipilala chamwala chokhala ndi chisoti chachifumu pansonga, ndi kasupe wachitsulo wa denga lonyezimira womangidwa pokumbukira mfumukazi ya ku Mangalande. Manfred, amene miyendo inayamba kumutentha, anayamba kulongolola.

"Mukuona izi? Amene anatilamula ife ndi omwewo analamula awa. Tauni yonseyi anaitcha dzina la mfumu yawo. Mfumukazi yomweyo ili ndi msewu ku Blantyre, kuno ili ndi mpopi. Anthu aja sankatopa kuyenda, ngati inu."

"Sindinabwere kudzaona malo ine."

"Koma tikuwaona ndithu, ndiponso mwaulere. Azungu amalipira kuti awayendetse chonchi."

Chakufupi ndi paki anadutsa tchalitchi china chaching'ono cha miyala yakuda, chobisika m'mitengo. Pageti panaima galimoto ziwiri zokha. Manfred anachepetsa liwiro.

"Tisuzumiremo umu?"

Scholastica anayang'ana. Pabwalo panalibe fano la Amayi Maria, ndipo pachikwangwani dzina la mbusa linali la munthu wamkazi. "Cha Angilikani ichi. Tikataya nthawi. Mayi Olive anali Mkatolika ngati Aairishi onse."

Anayenda mtunda wautali ndithu, nyanja ili kumanzere, mafunde akumenya khoma n'kuwawaza madzi amchere. Nsapato ya Scholastica inayamba kumudya chidendene. Mumtima ankakonza mawu okamuuza Cuthbert, n'kumawasula, n'kukonzanso ena akuthwa kuposa oyambawo. Munthu uja ankabwera Lamlungu lokha, atanyamula maluwa a m'sitolo, n'kuima pakhomo la chipinda ngati mlendo. Ankamuthokoza Scholastica mwaulemu nthawi zonse, ulemu wozizira ngati mwala wa pamtsinje. Lero ndiye anali mwini maliro, woti n'kusankha olira ndi osalira.

Atakhota ngodya, mtima wake unadumpha. Kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu kunali galimoto yonyamula maliro, ndipo galimoto zina zinali zitadzaza msewu mbali zonse. Anthu anasefukira mpaka pakhomo.

"Mwaona, alamu? Anthu alipo! Ndinawanamizira."

Anadzipanikiza pakati pa makhoti akuda mpaka anapeza kampata pa benchi ya kumbuyo. Anagwada, natulutsa kolona, ndipo misozi imene anaisunga kuyambira pa sinki paja inayamba kutsika yokha. Mayi amene anakhala naye pafupi anamugwira dzanja n'kumupatsa kapepala kopukutira. Scholastica analira ndithu, momasuka, mpaka Manfred anamukodola paphewa.

"Alamu," ananong'ona, "Mayi Olive ankasewera mpira?"

"Mukuti chiyani?"

"Taonani pabokosipo."

Pamwamba pa bokosi panali jezi ya mizeremizere ndi chithunzi cha bambo wadazi, wa masaya ofiira, akuseka atanyamula nsomba yaikulu.

Anatuluka chamnyazi, akupepesa mapazi amene ankawaponda. Panja Manfred anatsamira khoma, mapewa akugwedezeka.

"Mukaseka ndikuswani ndi nsapato iyi," anatero Scholastica.

"Sindikuseka. Koma bamboyo wapita bwino, walilidwa mpaka ndi a ku Mtakataka."

Pambali pa geti panaima mkulu wina wa chipewa cha nsalu, akusuta fodya mobisa m'chikhato. Anawayang'ana, n'kufunsa ngati ankamudziwa malemuyo kuchipatala. Scholastica anafotokoza kuti asochera, akufuna maliro a Mayi Olive Wharton.

"Olive wapita? Mulungu amulandire." Mkuluyo anavula chipewa pang'ono n'kuchibwezera. "Bambo ake anali ndi sitolo ya zingwe ndi nsalu za maboti padoko paja. Koma kuno simungamupeze, mwana wanga. A Wharton ndi a mbali inayo."

"Mbali iti?"

"Angilikani. Makolo awo anabwera ndi Angelezi pomanga doko. Anatsala ochepa masiku ano. Tchalitchi chawo ndi chija cha m'mitengo, pafupi ndi paki. Ngati ndi lero, thamangani. Iwo aja sachedwa, nyimbo ziwiri basi atha."

Scholastica anaima ngati wamenyedwa ndi mphezi. Kwawo, ansembe onse a ku Ireland amene anawadziwa anali Akatolika: amene anamubatiza, amene anamanga sukulu, amene ankayendetsa njinga yamoto m'matope kukadyetsa odwala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananenapo kuti kwawo kulinso Angilikani. Zaka zitatu zonse zija, akatha kuwasambitsa Mayi Olive, ankagwada pambali pa bedi n'kupemphera kolona mokweza, mayiwo atagwira mikandayo ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Bodza," anatero m'Chichewa. "Ankagwira kolona wanga."

"Akanatani, pakamwa palibe mawu?" anatero Manfred, ali kale pa liwiro. "Munkawathira Tikuoneni Maria m'mawa ndi madzulo ngati mankhwala a chifuwa, iwo osatha kukana. Mwina n'chifukwa chake anathawira kunyumba ya okalamba."

"Alamu, pakamwa panupo!"

"Ndinati tisuzumire, munakana. Galimoto ziwiri zija ndiye anali maliro athu."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chipongwe chija. Anadutsa pageti penipeni pa maliro a mayi ake, n'kukalira mwamuna wosamudziwa. Anakwiyira mkulu wa fodya uja, anakwiyira ansembe a kwawo, anakwiyira Mayi Olive amene akanatha kungokankha kolonayo ndi dzanja, ndipo koposa onse anakwiyira Cuthbert, pakuti mawu amodzi okha a pafoni akanaletsa zonsezi. Anavula nsapato yomudya ija pamodzi ndi inzake, n'kuthamanga ndi masokosi pa simenti yozizira, chitenje chikumukola m'miyendo. Anthu oyendetsa agalu m'mphepete mwa nyanja ankapatuka n'kumawayang'ana.

Atafika, pageti paja panali pataima galimoto yaitali yonyamula maliro, chitseko chakumbuyo chili chotsekula. M'kati limba linkalira motsika. Scholastica anakwera masitepe akupuma mwabefu, ndipo pakhomo penipeni anakumana nalo bokosi likutuluka.

Silinali pamapewa a anthu. Linali pa kangolo kachitsulo ka matayala ang'onoang'ono, kakukankhidwa ndi amuna awiri a makhoti akuda ndi magolovesi, adzukulu olipidwa a kampani yoika maliro. Kutsogolo kunali mbusa wamkazi uja. Kumbuyo kunali Cuthbert, wamtali, waimvi, khoti likumukhwepa, ndipo pambuyo pake nkhalamba zowerengeka, zina pa ndodo. Mabenchi ena onse anali mbee.

Scholastica anaima pakati pa khomo, natambasula manja. Kangolo kanaima.

"Scholastica," anatero Cuthbert m'Chingelezi, atadabwa. "Mwadziwa bwanji?"

"Osati kuchokera kwa inu."

"Chonde, tino si malo ake."

"Malo ake ndi ati? Kunyumba mwakhoma. Kunyumba ya okalamba munandibweza. Ndazungulira tauni yonse ino ngati wamisala, tchalitchi ndi tchalitchi. Tsekulani ndione nkhope ya mayi anga."

Mbusa anayandikira n'kumugwira mkono mofatsa, koma Scholastica anauchotsa. Cuthbert anayang'ana masokosi ake onyowa, kenaka anayang'ana kumbali.

"Bokosi silitsekulidwa. Amayi ananena kalekale, asanadwale, kuti safuna anthu adzawaone atafa. Ndipo kunena zoona, sindinaganize zokuuzani. Inu munali pa ntchito, ntchitoyo inatha."

"Ntchito!" Mawuwo anamveka mpaka kudenga, ndipo woimba limba analeka. "Ejensi inkandituma kuwasambitsa. Sinanditume kuwakonda. Mumaganiza kuti meseji ya pafoni imatha kuchotsa munthu mumtima? Munawaba Loweruka ngati mbuzi, ine osatsanzika. Lero mukufuna muwataye mobisa, popanda ndi mmodzi yemwe wolira. Munabadwa kwa munthu inu, kapena munagwa mumtengo?"

Nkhope ya Cuthbert inafiira mpaka m'makutu. Ulemu wake wozizira uja unasweka.

"Mobisa? Tayang'anani m'mabenchimo! Ndikanaitana ndani? Anzawo onse ali kumanda. Ana anga awiri ali ku Australia, anathawa ulova, sangakwanitse kubwera. Ine ntchito inandithera mwezi womwe inakutherani inu. Masabata onsewa ndakhala ndikugona pampando pambali pa bedi lawo, ndekha. Musabwere pano kudzandiphunzitsa kulira mayi anga."

"Mukanandiuza, simukanagona nokha pampandopo! Ndani anakuuzani kuti maliro ndi katundu wa munthu mmodzi?"

Anayang'anizana, bokosi lili pakati pawo. Wamkulu wa adzukulu aja anatsokomola, nayang'ana wotchi yake.

"Bwana, pepani, koma kumalo owotchera atipatsa nthawi yathu. Tikachedwa alowetsa ena."

Scholastica anatembenukira kwa Manfred, amene anali ataima pa sitepe ya m'munsi. "Akuti kumalo otani?"

"Owotchera, alamu. Kulibe manda. Akawotchedwa."

Scholastica anatsamira chitseko. Adzukulu aja anaona mpata, n'kukankha kangolo kudutsa pambali pake. Pa masitepe anakapendeketsa kuti katsike, matayala akugunda mwala uliwonse, gu, gu, bokosi likugwedezeka ndipo maluwa a pamwamba akutsetsereka.

"Ayi. Izi ndiye ayi."

Anali Manfred. Munthu amene tsiku lonse ankangoseka uja anali atatsekereza kangolo ndi bondo, maso ali psu. Anavula chipewa chake n'kuchiponyera Scholastica.

"Munthu si thumba la simenti," anatero m'Chichewa, kenaka anabwereza m'Chingelezi chake cha pa ntchito. "Ngakhale njerwa sindinkazitsitsa chonchi ine. Amuna tilipo pano. Tinyamule."

"Bambo, inshuwalansi yathu silola kuti..."

"Inshuwalansi yanuyo inabadwa kwa mkazi? Itanani dalaivala uyo abwere. Inu, bwana," analoza Cuthbert ndi chibwano, "ndi mayi anu awa. Anakunyamulani miyezi yonse ija, inu mukulephera masitepe awa? Bweretsani phewa."

Cuthbert anayang'ana mbusa. Mbusayo anangosuntha kupereka malo. Pang'onopang'ono Cuthbert anavula magolovesi ake n'kuwaika m'thumba. Wamkulu wa adzukulu anapumira m'mwamba, nakodola dalaivala, n'kuyamba kuwaimika malinga ndi misinkhu yawo. Anawerengera pamodzi, ndipo bokosi linakwera pamapewa. Cuthbert anali kutsogolo mbali imodzi, Manfred mbali inayo, mikono yawo itapingasana pansi pa bokosi, dzanja la wina litagwira phewa la mnzake.

Pamenepo Scholastica anabuma. Sanachite kukonzekera, zinangotuluka monga zimatulukira kwawo bokosi likamachoka pakhomo.

"Mayi wanga ine! Mwapita osanditsanzika, mayi! Ndakusakani tauni yonse, mayi wanga ine! Mukundisiyira yani?"

Mbalame zinabalalika m'mitengo. Nkhalamba zija zinadzidzimuka, ina mpaka kugwetsa ndodo. Kutsidya kwa msewu anthu anaima ndi matumba awo a m'sitolo, ndipo bambo wina wokonza msewu anavula chisoti chake. Scholastica anayenda pambuyo pa bokosi, manja ali kumutu, kuchokera pa masitepe mpaka pageti. Unali mtunda waufupi, wosakwana ngakhale kuchoka pakhomo kufika pankhokwe, koma anauyenda wonse. Pamene ankalowetsa bokosi m'galimoto, anaona kuti msana wa Cuthbert ukunjenjemera ndipo nkhope yake yanyowa.

Chitseko chinatsekedwa. Nkhalamba zija zinadutsa mmodzimmodzi, kugwira Cuthbert chanza n'kumapita. Scholastica anavala nsapato zake atatsamira mpanda. Mkwiyo unali usanathe. Nkhope sanaione, ndipo sadzaionanso. Koma munthu uja, kaya anali wouma mtima chotani, anali namfedwa, ndipo namfedwa sumulambalala. Anapita pamene anaima, napinda mawondo pang'ono, n'kupereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira mkono.

"Pepani ndi zovutazi," anatero m'Chichewa, akukukuta mano. Kenaka m'Chingelezi: "Pepani. Koma sindinakukhululukireni."

"Ndamva," anatero Cuthbert. Anatsekula pakamwa ngati awonjezera kanthu, koma anangoti, "Zikomo pobwera. Sitima yobwerera mutauni imadutsa pafupipafupi."

Kumbuyo kwa galimoto ya maliro kunali ina yakuda ya anamfedwa, ya mipando yambiri, yoti mukwere Cuthbert yekha. Dalaivala wake anali atatsekula chitseko, akudikira. Scholastica anamudutsa Cuthbert, nakonza chitenje chake, n'kulowa. Anakhala pakati penipeni, chikwama chili pamiyendo.

Dalaivala anayang'ana Cuthbert. Cuthbert anawerama pachitseko.

"Scholastica, kumene tikupitaku ndi kwa achibale okha. Sindinaitane munthu aliyense."

"Kumaliro saitana," anatero iye, osamuyang'ana. "Kaya ndi kumanda, kaya ndi kumoto, ndikawasiya pakhomo pake. Mukafuna kundichotsa, itanani apolisi adzandinyamule, anthu onsewa akuona."

Manfred anasuzumira pawindo la mbali inayo, akupukuta phewa. "Alamu, nanga shifti yanu ya madzulo?"

"Kauzeni akulu anu aimbe foni, anene kuti ndili pa zovuta. Akafuna kundichotsa andichotse, ndazolowera."

Galimoto ya maliro inaliza injini. Wamkulu wa adzukulu anayang'ananso wotchi yake. Cuthbert anaima kanthawi, dzanja lili pachitseko, mphepo ikumuwulutsa imvi. Kenaka anapinda miyendo yake yaitali n'kulowa.

"Sunthani pang'ono," anatero.

Scholastica anasuntha pang'ono zedi, mongokwanira munthu kukhala. Galimoto zinanyamuka, kutsika kulowera kumsewu wa kudoko, ndipo iye anangoti maso nga pa bokosi limene linali patsogolo pawo, kuseri kwa galasi, kuti lisamusowenso.